Mwana Amene Tinapereka kwa Kachere

M'nyumba mwathu muli liwu limodzi losatchulidwa. Mutha kutukwana, mutha kukamba za maliro pa tsiku la Chaka Chatsopano, amayi adzangokuponyerani diso. Koma mukangoti khansa, mbale ya mpunga imachoka pamaso panu musanakhute. Ife timati "nthawi ija". Nthawi ija Lok ali ndi zaka zinayi, madokotala anamuchotsa chotupa pamodzi ndi gawo la chiwindi. Nthawi ija itatha tinasamuka kumudzi, n'kudzakhala m'nyumba zosanjikizana za kuno m'tauni ya Yuen Long, kumene munthu sadziwa ngakhale dzina la amene wayang'anizana naye khomo.

Lok ndi mlongo wanga, wopondana nane. Panopa ndi bambo wandevu zake, watsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi atatu. Anachira kalekale, koma mankhwala amene anamupulumutsa sanapite osasiya kanthu. Makutu ake samva bwino, makamaka lakumanzere, ndipo mtima wake umafunika kuunikidwa kuchipatala chaka ndi chaka. Pamimba ali ndi chipsera chachitali chopingasa, n'chifukwa chake ngakhale kunyanja amasambira atavala malaya.

Zonsezi bwenzi lake Hoi-ting sankazidziwa. Zaka ziwiri ali pachibwenzi, mtsikanayu ankanyadira kwa anzake kuti Lok nthawi zonse amayenda kumanzere kwake ngati mlonda wake. Ine ndikamva zimenezi ndinkayang'ana pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti mlongo wanga akungofuna kuti mawu a Hoi-ting azigwera m'khutu lakumanja.

Ndinamukalipira kambirimbiri kuti aulule. Iye ankangoti mawa, ndipo mawa lakelo silinkafika. Sindingamunene kwambiri. Bambo ake a Hoi-ting anamwalira ndi matenda omwewa mtsikanayu ali kusekondale, ndipo mayi ake, Mayi Tong, anawadwazika mpaka iwo eni kutsala mafupa okhaokha. Kuyambira pamenepo Mayi Tong ali ndi nyimbo imodzi imene aliyense wa patebulo lawo la njuga ya mahjong anailoweza: mwana wawo akwatiwe ndi wosauka kaya wonyansa, bola wathanzi.

Ine pakamwa panga panali pomangidwa. Bambo athu ali pafupi kutisiya anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti za nthawi ija sizidzatuluka mwa ine. Choncho ndinangoonerera mabanja awiri akupangana tsiku lokamwa tiyi limodzi, Lamlungu, kuti akambirane za ukwati.

* * *

Lachinayi la sabata yomweyo linali tsiku la Lok lounikitsa mtima, ndipo ndinamuperekeza monga ndimachitira chaka chilichonse.

Amene anadwala ali ana amawaonerabe kumbali ya ana, kwa madokotala omwe akudziwa mankhwala amene anawapatsa. Ndiye tangoganizirani bambo wamtali ngati Lok atakhala pakampando kobiriwira, mawondo atafika pachibwano, kumbuyo kwake khoma lojambulidwa nsomba zoseka. Namwino akaitana dzina lake, makolo onse amayang'ana pansi kufuna kuona kamwana kamene kadzuke, kenako amaona ndevu zikudzuka. Chaka chilichonse Lok amavala chipewa n'kuchikokera mpaka m'maso.

Mmodzi yekha ndiye amamuchotsa manyaziwo, Suk-yin. Nthawi ija bedi lake linali loyandikana ndi la Lok, ndipo ankaberana maswiti amene onse awiri ankawasanza. Anakula, anakwatiwa, koma amapanganabe kubwera tsiku limodzi. Chaka chino anabwera ndi khanda, kamnyamata konenepa ka miyezi yochepa, pamene madokotala anamuuza kale kuti mwina sadzaona mwana.

"Tagwira, m'bale wanga wa dazi," anatero Suk-yin akumupatsira mwanayo. "Uyambe kuphunzira, ndamva kuti akukutenga."

Lok anamulandira mwamantha ngati walandira mphika wa msuzi wowira. Mwanayo anamugwira ndevu n'kukoka, Suk-yin anaseka mpaka kutsamira paphewa la Lok, ndipo mlongo wanga anakankhira chipewa kumbuyo n'kuseka naye. Ndinali ndisanamuonepo akuseka m'chipinda chimenechi. Ndinawasiya choncho n'kupita kukagula madzi.

Chimene sitinadziwe n'chakuti pakhomo panadutsa Chun-fai, ataperekeza mwana wa mlongo wake amene ankatsokomola. Chun-fai ndi mwana wa mnzawo wa Mayi Tong, mnyamata wa tsitsi lonyezimira mafuta, amene wakhala akuzungulira Hoi-ting kuyambira ali kusukulu. Munthu ameneyu akakupatsani moni muziwerenga zala. Anaima, anatulutsa foni, anajambula, n'kupitiriza ulendo wake.

* * *

Lamlungu amayi anadzuka m'mamawa kusita malaya a Lok kawiri konse. Tinafika kunyumba ya tiyi msanga n'kupeza tebulo lozungulira pafupi ndi zenera. Mayi Tong ndi Hoi-ting anafika mochedwa, ndipo atangolowa ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Maso a Hoi-ting anali otupa. Masiku onse amandithamangira n'kumati alamu, alamu, koma tsiku limeneli anangogwedeza mutu n'kukhala kutali ndi Lok.

Lok anathira tiyi, kuyambira kwa akulu. Mayi Tong sanagogode zala patebulo kuthokoza monga mwa mwambo wathu. Amayi anayitanitsa timabanzi ta nkhumba, mapazi a nkhuku ndi nkhanu zokutira, n'kuyamba kuyamikira kuti Hoi-ting ali ndi chipumi cha mwayi. Palibe ananyamula timitengo todyera.

Kenako Mayi Tong anatulutsa foni m'chikwama, anaiika pagalasi lozungulira la pakati pa tebulo, pakati pa timadengu ta chakudya, n'kulizunguza pang'onopang'ono. Foni ija inadutsa pamaso panga, inadutsa pa Lok, n'kukaima patsogolo pa amayi. Tonse tinachiona chithunzicho. Lok atanyamula khanda, mkazi atatsamira paphewa lake, onse akuseka, kumbuyo kwawo nsomba za pakhoma.

"Mayi Kwong," anatero Mayi Tong motsitsa mawu, "ine ndakalamba, mwina sindikudziwa za masiku ano. Mnyamata wosakwatira, amene anauza mwana wanga kuti ali kuntchito, amakatani kuchipatala cha ana?"

Ndinayang'ana Lok. Nkhope yake inali itayera ngati mpunga. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu ndithu, koma anangozyolika.

Ndinayang'ana amayi. Iwo anachiyang'anitsitsa chithunzi chija nthawi yaitali, ndipo ine amene ndinabadwa mwa iwo ndinaona m'maso mwawo kuti akuyeza zinthu ziwiri. Atamaliza kuyeza anadzuka, ananyamula ketulo ndi manja awiri, n'kuthirira Mayi Tong tiyi atawerama.

"Anyamata amalakwitsa, Mayi Tong," anatero. "Ndi zachibwana zakale. Mutikhululukire, tidzazikonza."

Mutu wanga unaima. Mayi wanga, amene sanabepo ngakhale lalanje, anali atangomupatsa mwana wake mwana wamseri pamaso pa apongozi ake. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu kutentha. Sindinadziwe kuti ndikuchita manyazi ndi bodzalo kapena ndi choona chimene tinkachibisa pansi pake.

Hoi-ting sanayang'ane amayi. Anayang'ana Lok yekha.

"Lok, ndi wako?"

Panali phokoso lambiri m'nyumbamo, mbale zikugundana, ana akulira, koma ndikudziwa kuti funso limeneli analimva, chifukwa mpando wa Hoi-ting unali cha kumanja kwake. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi, n'kutsekanso.

Hoi-ting anadikira pang'ono. Kenako anapinda kansalu kake bwinobwino, anakaika pambali pa mbale yosadyera, n'kutuluka. Mayi Tong anatola foni yawo n'kumutsatira. Tinatsala atatu ndi chakudya cha anthu asanu, ndipo amayi anapempha woperekera kuti atikulungire.

* * *

Titafika kunyumba ndinawatsira mphepo amayi. Ndinawafunsa ngati akudziwa zimene achita, ngati akudziwa kuti Suk-yin ndi mkazi wa mwini, ndiponso ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Mawu omalizawa sindinayenera kuwanena, koma ndinawanena.

Iwo sanakweze mawu. Ankasamutsa timabanzi tija kuika m'mbale, uku akundikumbutsa zimene ndinkayesa kuti ndinaiwala. Anandikumbutsa mmene amayi a kumudzi ankaitanira ana awo Lok akatuluka panja ndi mutu wake wopanda tsitsi. Anandikumbutsa ukwati wa msuweni wathu, umene anatitumizira uthenga wakuti tisavutike kubwera. Anandikumbutsanso azakhali athu, amene ankatsuka kawiri kapu imene Lok wamwera, ali pomwepo akuona.

"Mwana wamseri anthu amanena mwezi umodzi, kenako amatopa," anatero. "Koma chinachi amati chili m'magazi. Adzati ana ake adzabadwa nacho. Ndani angapereke mwana wake wamkazi? Ine ndinamulanditsa kamodzi, sindilola kuti amukwirire ali moyo."

Kunena zoona, sankanama pa zonse. Lok anali m'chipinda mwake, chitseko chili pang'ono, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo makutu ake anamva bwino kwambiri.

Masiku otsatirawo nyumba inali ngati pamaliro. Lok ankapita kuntchito, kubwera, n'kukhala pakhonde atagwira foni. Hoi-ting anamulembera uthenga umodzi wokha, ndipo Lok anandionetsa. Unali wakuti: "Sindikufunsa za mayi wake. Ungondiuza dzina la mwanayo, kuti ndidziwe kuti ndi zoona." Ndinamuona akulemba, akufufuta, akulemba, akufufuta. Kamodzi analemba chilembo choyamba cha liwu lija, n'kuchiyang'ana ngati chingamulume.

"Achemwali," anandiuza, "akamati ndine wachimasomaso amandikwiyira. Akadziwa chinachi azindimvera chisoni. Azindinyamulira matumba, azindiyang'ana ndikamakwera masitepe. Bola andikwiyire."

Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, ndipo anavomera.

Chun-fai sanachedwe. Lachiwiri anaika pa foni chithunzi ali pakhomo la a Tong, atanyamula mphika wa msuzi wa nkhuku umene amati waphika yekha, pamene aliyense akudziwa kuti munthuyu sangawiritse ngakhale dzira. Pansi pake analemba kuti mwamuna weniweni alibe zobisa. Lachitatu anaika china ali ndi Hoi-ting pamalo okwerera basi, atamugwirira ambulera. Hoi-ting sankamwetulira pachithunzicho, koma pansi pa ambulerayo analipo.

* * *

Panali chinthu china chimene amayi anakonza kale tisanapite ku tiyi uja, ndipo anakana kuchisintha.

Nthawi ija, madokotala atanena kuti sakulonjeza kanthu, amayi anamubereka Lok kupita naye kwa kachere wamkulu wa kumudzi kwathu. Anamanga ulusi wofiira pamuzu, anagwada, n'kumupereka kuti akhale mwana wa mtengowo, kuti imfa ikabwera kudzafuna mwana wa a Kwong ipeze kuti kulibe wotero. Mwana woperekedwa chotere sakwatira asanawomboledwe. Amayenera kubwerera, kuthokoza, n'kumasula ulusi. Wosankha masiku amwayi anali atatipatsa Loweruka m'mawa, ndipo amayi anati ukwati ukhalepo kaya usakhalepo, mtengo sunamizidwa.

Lachisanu ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Ndinalumbira kwa bambo kuti sindidzanena, ndipo sindinanene. Ndinangolembera Hoi-ting dzina la mudzi wathu, ndi kuti mawa m'mawa tidzakhala pa kachere wa kuseri kwa kachisi. Anawerenga, osayankha.

Tinakwera kabasi ndi nkhuku yowiritsa, malalanje, vinyo ndi lubani. Mudziwo unasintha, nyumba zatsopano ponseponse, koma mtengowo unali pomwepo, mizu yake ikulendewera mpaka pansi, yodzaza ndi ulusi wa anthu ena. Amayi anapita molunjika pamuzu wawo ngati anachokapo dzulo. Ulusi wa Lok unali utasuluka, utalowerera m'khungwa.

Anayala chakudya, anayatsa lubani, n'kumuuza Lok kuti agwade. Iye anayang'ana uku ndi uku kaye, kenako anagwada ndi buluku lake labwino m'dothi. Amayi akamapemphera amakweza mawu, poti amati mtengowo ndi wokalamba. Anauthokoza kuti unamusunga mwana wawo pamene madokotala anamung'amba pamimba, pamene tsitsi lake linathothoka, pamene mankhwala ofiira aja ankamusanzitsa mpaka kukomoka. Anauthokoza kuti mtima wake ukugundabe. Zinthu zimene sanazinenepo kwa munthu aliyense, anazinena zonse kwa mtengo.

Ine ndinali nditamuona kale Hoi-ting. Anaima pafupi ndi khoma la kachisi, atagwira chikwama chake ndi manja awiri. Mwana aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti ndi ana otani amene amaperekedwa kwa mitengo. Sanafunikire womumasulira.

Amayi atadula ulusi, Lok anadzuka n'kutembenuka. Anaonana maso ndi maso ndi Hoi-ting. Amayi anagwetsa lumo limene anali nalo, n'kundiyang'ana ine ndi diso limene sindidzaliiwala.

Hoi-ting anayandikira. Mwachizolowezi Lok anasuntha kuti mtsikanayo akhale kumanja kwake, ndipo ndinaona Hoi-ting akuzindikira chimene chachitika. Anayang'ana khutu lija, n'kuyang'ana linalo.

"Nena wekha," anatero. "Ndamva kwa amayi ako, koma amauza mtengo. Iwe uuze ine."

Lok anatulutsa malaya m'buluku. Batani limodzi linaduka. Anakweza malayawo mpaka m'nthiti, pamaso pa mayi ake, pamaso panga, dzuwa likuwala.

"Ndinadwala khansa," anatero. "Ndili ndi zaka zinayi. Ndinachira, koma amandiunikabe mtima chaka chilichonse, kumbali ya ana. Mwana uja ndi wa Suk-yin ndi mwamuna wake. Suk-yin tinkagona naye chipinda chimodzi m'chipatala."

Aka kanali koyamba kumva liwu limeneli likutuluka mwa munthu wa banja lathu. Amayi anakhala pansi pamuzu.

Ine ndinkayembekezera misozi ndi kukumbatirana, monga zimakhalira pa kanema. Hoi-ting anachiyang'ana chipseracho, anatambasula dzanja, n'kulibweza asanachikhudze. Atalankhula, mawu ake anali aukali kuposa tsiku la tiyi lija.

"Sabata yonse sindinadye. Ndimaganiza za mkazi uja, kuti unamupeza kuti, unkamuuza chiyani, mwina mawu omwe umandiuza ine. Iwe unaona kuti zimenezo n'zabwinoko kusiyana n'kuti ndidziwe kuti unali kamwana kodwala? Ine ndinasambitsa bambo anga, Lok. Ndinawameta tsitsi lotsala ndi manja angawa. Unandiona ngati munthu wotani?"

"Ndinkachita manyazi."

"Ndi chiyani? Unaba? Unali ndi zaka zinayi."

Lok anangoima atagwirabe malaya m'mwamba ngati waiwala kuwatsitsa. Manyazi amene ndinawaona pankhope yake anali ena, osati a chipewa chokokera m'maso aja. Awa anali a munthu amene wazindikira kuti wanyoza womukonda. Nanenso anandigwira, chifukwa zaka ziwiri ndinkamulola kunditchula alamu ndikudziwa zonse.

Hoi-ting ndiye anamutsitsira malayawo. Anawakoka bwinobwino, anawongola pamene panakwinyika, ndipo dzanja lake linakhala pamimbapo kanthawi. Anamufunsa zimene dokotala ananena Lachinayi, ndipo Lok anati mtima uli monga chaka chatha, sunaipe, koma asamanyamule zolemera kwambiri. Anamufunsa za ana, ndipo Lok anati sakudziwa, sanalimbepo mtima kukayezetsa. Hoi-ting anagwedeza mutu n'kunena kuti ulendo wina kuchipatalako adzapita naye iyeyo, pa timipando tomweto. Mtima wanga unatsika, ndinayamba kulongedza malalanje.

Koma Hoi-ting anali asanamalize. Anatembenukira kwa amayi, amene anali chikhalire pamuzu paja.

"Mayi Kwong, munawadziwa bwino amayi anga," anatero. "Dzulo madzulo avomera ukwati."

Amayi anadzutsa mutu.

Hoi-ting anafotokoza kuti Mayi Tong anakhala masiku onsewa akuchiyang'ana chithunzi chija, akuchikuza ndi zala. Anzawo a patebulo la mahjong anachionanso, ndipo onse anagwirizana kuti mwanayo ndi wonenepa bwino, wa makutu aakulu, ndipo mphuno ndi ya Lok yeniyeni. Pomaliza Mayi Tong anati mwamuna wobereka kamnyamata kotere ndi wathanzi, palibe chokayikitsa, ndipo kulakwa kwa unyamata kumakhululukidwa. Chun-fai ndi msuzi wake anamubweza pakhomo.

Anatulutsa foni n'kutimvetsa uthenga wa mawu umene mayi ake anamutumizira ali m'basi. Mawu a Mayi Tong anamveka pansi pa kachere paja, ansangala ngati a munthu wina.

"Uwauze asewere abwere mawa kunyumba, tidzadye pamodzi. Mwanayo abwere naye, ndimuone mdzukulu wanga. Ndamugulira kale kachibangili."

Lubani anali atatsala pang'ono kuzima.

"Amayi analumbira pa bokosi la bambo kuti ine sindidzadwazika mwamuna," anatero Hoi-ting, akuyang'ana Lok. "Ukawauza zoona akuthamangitsa, ndipo sindikudziwa ngati ndingawatembenuze. Ndidzayesa, ndidzaima nawe. Koma mawa usankhe chobwera nacho. Ukabwera ndi chipsera chako, ine ndine wako ngakhale amayi akane. Ukabwera ndi mwana wa eni, amayi akulandira ndi manja awiri, koma ine sudzandionanso."

Anatola lalanje limodzi pa nsembe paja, anawerama pang'ono kwa mtengo, n'kumapita kokwerera basi. Lok anamuyang'ana mpaka anakhota pa kachisi. M'dzanja mwake munali ulusi wosuluka uja, ndipo sankadziwa koutaya.

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, anasansa dothi pa siketi yawo, n'kuyamba kukulunga nkhuku. Ndinkaganiza kuti andikalipira chifukwa cha uthenga uja. Anadikira kuti Lok atsogole pang'ono, anaonetsetsa kuti tili kumanzere kwake, kenako anandikoka mkono n'kundinong'oneza.

"Suk-yin uja, nambala yake uli nayo?"